Injini ya Mkamwini

Pikapu ya a Stafford inafika pagalaja ya a Goodman ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Eni ake anali pachiwongolero, akuwongola galimoto yoyenda liwiro la ng'ombe, moti anthu onse a pa Jenala anapeza mpata wowapatsa moni mmodzimmodzi ndi kuwafunsa za kunyumba.

Dzulo lake, pochokera kuminda ya mpunga, analowa pakhwawa lomwe linali litadzaza ndi mvula yakuphiri. Injini inamwa madzi n'kuzima. Akanangoisiya. Koma iwo anailizanso, kawiri konse, ndipo ulendo wachiwiriwo m'kati munamveka ngati wina wamenya mphika ndi nyundo.

A Goodman, makaniko wachikulire amene ankaidziwa galimotoyi kuposa ana ake, anamasula injiniyo mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenako analoza ndi sipanala pabuloko, chimphika chachitsulo chomwe zonse za injini zimakhalamo. Panali mng'alu woti chala n'kulowa.

"Njira zilipo ziwiri, achimwene. Tiwotcherere apa, muyende mwezi umodzi, mwina iwiri, kenako mudzabwerenso ndi ng'ombe zanu zija. Kapena titsitse yonseyi, tiike ina."

"Wotcherani," anatero a Stafford.

"Mwina simunandimve. Ndati idzafanso."

"Ndamva. Wotcherani."

A Goodman anapukuta manja pang'onopang'ono. Chifukwa chake ankachidziwa, monga ankachidziwira aliyense.

A Stafford anali mkamwini. Anabwera kudzakwatira pamudzi pa akazi awo, a Ennie, zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Munda womwe ankalima unali wa apongozi. Nyumba anaumba njerwa ndi iwo, koma inakhala padothi la eni. Ana, kuyambira Belita woyamba uja, mwini wawo anali malume awo. Ngakhale pikapuyo anaipeza pomwepo: inali chigoba cha malemu amalume a Ennie, chokhazikidwa panjerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. A Stafford anagulitsa njinga yawo yamoto ndi ng'ombe yomwe bambo awo anawasiyira, n'kukatenga injini ku Limbe. Chigoba chinadzuka. Kuyambira pamenepo pamudzi pankadziwika kuti thupi ndi la eni mudzi, injini ndi ya mkamwini.

Amuna ena akapirikitsidwa paukwati amachoka ndi bulangete lokha. A Stafford ankadziwa kuti iwo tsikulo likadzafika adzachoka ndi ngolo, injini yawo ili pamwamba. Palibe anawapirikitsapo, ngakhale kuwaopseza, komabe m'zaka zonsezi sanabzalepo mtengo ndi umodzi womwe pakhomopo. Mtengo sunyamulika.

Kunamveka njinga yamoto. Anali a Sitima, mchimwene wa a Ennie, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi jekete lachikopa lomwe sankalivula ngakhale kutenthe bwanji.

"Alamu, pepani ndi zovutazi," anatero a Sitima asanatsike n'komwe. "Koma musaonde nazo. Ndaimbira mnzanga ku Limbe, injini ilipo, yangotsika kumene. Ndigula ine. Inu muzingoyendetsa basi, mtima uli m'malo."

Anayankhula mokoma ndithu, ndipo chinapweteka kwambiri n'chomwecho.

"Zikomo alamu. Tikonza yomweyi."

"Yomweyi? Mpunga uli mbwee kumunda, ogula afika Loweruka. Tikautute ndi chiyani, ndi ulemu wanuwo?"

"Tiwotcherera."

"A Goodman, auzeni akuluwa."

"Ine ndine wa masipanala," anatero a Goodman. "Za m'banja ndilibe sayizi yake."

A Sitima anaseka, n'kunena kuti akamwa tiyi pagolosale, a Stafford akamaliza kuganiza awapeze komweko. A Stafford anakhala patayala lakutha. Msana unkawawa chifukwa cha kukankha kwa dzulo, ndipo anali atatopa ndi kutopa kwina komwe sikanayambe dzulo.

Posapita nthawi a Ennie anatsika pakabaza, atanyamula chinangwa chophika m'kambale. Anapereka moni kwa a Goodman, anayang'ana mng'alu uja nthawi yaitali, kenako anayang'ana amuna awo.

"Ndakumana ndi achimwene pagolosale. Akuti mwakana."

"Injini ndi yanga, mayi a Belita."

"Ndani wanena kuti si yanu?"

"Ikatsika iyi, changa pamudzi paja n'chiyani? Ndidzakhala dalaivala wa alamu. Dalaivala amachotsedwa ntchito."

Anali asanazinenepo mokweza chonchi. A Goodman ananamizira kufuna kanthu kuseri kwa galaja. Anabwerako akuguza thumba la feteleza lolemera, n'kulikhuthula pansi. Munatuluka zitsulo zadzimbiri zokhazokha.

"Ine sinditaya kanthu," anatero. "Izi zonse n'zomwe ndakhala ndikuchotsa m'injini mwanumu chiyambire. Mapisitoni anayi awa. Hedi iyo ili apoyo. Kalankashafuti. Pampu ya oyilo, ya madzi. Injini yomwe munabwera nayo kuchokera ku Limbe, achimwene, yambiri ili pansi apa. Tsono mukamati yanga, mukunena iti? Ya m'thumbayi kapena ya m'galimotoyo?"

A Stafford anayang'ana muluwo, n'kuyang'ananso m'galimoto. Funsoli silinawasangalatse.

A Ennie ananjuta, n'kutola pisitoni imodzi.

"Olowa m'malo mwa awa ndalama yake inali mbuzi yanga ija yamawangamawanga," anatero, osati mokalipa, ngati munthu woloza abale pachithunzi chakale. "Hedi ndi nandolo wa amayi, chaka chotsatira namondwe. Ichi chokhotakhotachi sindichidziwa dzina, koma ndikukumbuka kuti tinadya thelere mwezi wathunthu."

"Simunandiuze kuti nandolo uja anali wa amayi."

"Mukanalola?"

Sakanalola.

"Ndiye mwaonatu, bambo a Belita. Injini yanuyi inayamba kalekale kukhala ya pamudzi, pang'onopang'ono, inu muli pompo. Chanu chenicheni chinatsala ndi chimphika chong'ambikachi. Ndipo sindikukumbuka tsiku lomwe ndinakuikirani bulangete panja."

"Zinthu zimasintha."

"Zimasintha, inde. Inunso mwasintha. Mano aja munabwera nawo ali kuti? Tsitsi? Ine ndikungosunga zotsalazo."

A Goodman anatsokomola kuti abise kuseka.

A Ennie anaika pisitoni ija pansi n'kupukuta zala pachitenje. Mawu awo anatsika.

"Ine chomwe chanditopetsa si injini. Zaka khumi ndi zinayi ndikugona ndi munthu woti mtima wake uli pangolo. Pakhomo pathu pokha ndiye popanda mthunzi. Ana amakadya mango kwa eni. Wotcherani ngati mukufuna, mpunga uwolere kumunda, tidzadya chimphika chanucho."

Anawapatsa kambale ka chinangwa, n'kukakhala pamthunzi wa khoma.

A Stafford anadya chidutswa chimodzi, chosawakomera. Anayang'ana kuphiri la Michesi, komwe mitambo inali itayambanso kusonkhana. Anayesa kufunafuna m'mutu mwawo njira yachitatu, yoti injini ikhale yatsopano koma ikhalebe yomwe ija, ndipo sanaipeze. Anadzuka, mawondo akulira.

"A Goodman."

"Wawa."

"Tsitsani."

"Yonse?"

"Yonse. Koma bulokoyo musaike m'thumba mwanumo. Ndikupita nayo."

"N'chitsulo chakufa chimenecho, achimwene. Ngakhale ogula zitsulo akupatsani ya sopo yokha."

"Sindikugulitsa."

Anapita okha pagolosale kukauza a Sitima. Anayankhula mawu ochepa, ndipo a Sitima anatulutsa foni n'kuimbira mnzawo wa ku Limbe uja.

Injini yatsopano inafika Lachinayi. Inkalira mosalala, mwaulemu, ngati mlendo. Mpunga unatutidwa Loweruka lisanafike. A Stafford ankayendetsa, ndipo pokwera chitunda cha ku Fort Lister ankapezeka atakonzeka kale kusintha giya pamalo pomwe yakale ija inkatsamwa. Yatsopanoyi inkangodutsa osadziwa kuti pamenepo pamayenera kuvuta.

Buloko inabwera kunyumba pangolo, monga momwe ankaganizira zaka zonsezi, kungoti ngoloyo inalowera kolowa m'mudzi. Inakhala pabwalo masabata awiri. Apongozi ankaizungulira popita kumunda, osafunsa.

Lamulungu lina, atabwerako kutchalitchi, a Stafford anavula jekete, anatenga khasu n'kukumba dzenje pakhomo penipeni pa nyumba, pomwe mvula inakokolola dothi mpaka ana ankachita kudumpha polowa. Anagubuduzira buloko m'dzenjemo, anathira mchenga m'mabowo ake anayi, n'kumata simenti mbali zonse. Nambala ya injini anaisiya ikuoneka.

A Ennie anaima pakhomo, akuwayang'ana.

"Mukudziwa kuti pamenepo sichidzazukanso?"

"Ndikudziwa."

"Chapendekeka pang'ono."

"Chakhala chopendekeka kuyambira ku Limbe."

Anakhala pansi, atatsamira khoma, manja ali simenti yokhayokha. A Ennie anayesa kupondapo ndi phazi limodzi.

"Musaponde," anatero a Stafford, maso ali chitsinzire. "Sichinaume."