Mpunga Sawokera Akupita Kutsogolo

Tek Bahadur Gharti anakhala wapolisi wa khonsolo zaka khumi ndi zinayi, koma ntchito yake inkatha chaka ndi chaka ngati sopo. Apolisi a khonsolo m'tauni yathu amalembedwa pa kontrakiti ya chaka chimodzi. Mwezi wa Asar ukatha makhansala asanaivomerezenso, ntchitoyo imalengezedwa poyera, ndipo ofunsira asapitirire zaka makumi atatu ndi zisanu. Tek anali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, mawondo olira, ndi mkazi wodwala shuga.

Vuto ndi lakuti Asar ndi mwezi wowokera mpunga. Amene anaika kuti chaka cha boma chizitha mwezi umenewu sanapondepo m'matope. Msonkhano unaitanidwa kawiri, kawiri konse kunabwera mipando yokhayokha. Tsiku lomaliza la mweziwo makhansala anafika khumi ndi awiri, pomwe lamulo limafuna khumi ndi atatu.

Mlembi wa khonsolo anatuluka, nakokera Tek pambali.

"Achimwene, khansala wapafupi watsala mmodzi, mayi Sukmaya Sarki a wadi yachinayi. Foni sakuyankha. Ikakwana folo koloko a meya atseka buku."

Zaka zitatu m'mbuyomo, Sukmaya asanasankhidwe, ankaotcha chimanga pa depoti ya mabasi, ndipo Tek yemweyu ndiye anamulanda mbaula potsata lamulo la khonsolo. Mbaulayo inali ikadali m'chipinda chosungira katundu wolandidwa, ikuchita dzimbiri pakati pa masikelo ndi maambulera. Komabe anakwera njinga, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anamupeza m'munda wa mnansi wake, ali pamzere ndi amayi asanu ndi atatu, onse atawerama, matope mpaka m'mawondo.

"Thawani amayi, kwabwera boma!" anakuwa mayi wina. "Bisani mbande, azilanda!"

Onse anafa nacho chiseko. Tek anavula chipewa, chinthu chimene sanachitirepo wogulitsa chimanga aliyense, nafotokoza nkhani yake. Sukmaya anamvetsera osaweramuka.

"Ndamva, achimwene. Koma lero ndili pa parma, ntchito yathu yothandizana mobwezerana. Dzana amayi awa anawokera kwanga, lero ndi tsiku langa kwa iwo. Ndikachoka pamzerewu patsala mpata. Atseke ndani, a meya?"

Parma sathawa, zimenezo Tek ankazidziwa bwino. Munthu akachoka amasiya manja ena m'malo mwake. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana nsapato zake zopolisha, kenaka anayamba kumasula zingwe.

"Mayo ine! Mwamuna kuwokera?" anatero mwini munda. "Amuna amalima ndi kusalaza, bambo inu!"

"Msiyeni," anatero Sukmaya, akusamba miyendo m'ngalande. "Manja ndi manja. Ndipatseni njingayo."

Tek anakulira m'tauni, ndipo mpunga ankaudziwira m'mbale. Analandira mtolo wa mbande, nabaya zitatu m'matope, naponda kutsogolo, nabaya zina, napondanso. Atayenda pang'ono anamva amayi aja akulira ndi kuseka. Atacheuka anaona kuti zonse zimene anawokera anazipondaponda yekha, ndipo anzakewo anali kutali kumbuyo kwake.

"Bambo apolisi," anatero mwini munda akupukuta misozi, "mpunga sawokera akupita kutsogolo ngati mukuthamangitsa ogulitsa malonda. Timabwerera cham'mbuyo, maso pa zimene mwasiyazo, kuti musaziponde."

Anachita manyazi kwambiri, koma anabwerera pamzere nayambiranso. Misundu inamuluma, msana unawawa, yunifolomu yomwe mkazi wake anasita m'mawa inasanduka chiguduli. Choopsa chinali china: Sukmaya akanatha kukalowa mumsonkhano ndi kukweza dzanja lokana. Akanamudzudzula ndani? Tek ankawokera ali ndi mantha, ndipo kwa nthawi yoyamba anayesa kukumbukira nkhope ya mayiyo tsiku la mbaula lija. Sanaikumbuke. Tsiku limenelo sanacheuke n'komwe.

Sukmaya anabwerako amayi atakhala m'mphepete mwa munda akudya chambiko ndi mpunga wosinja. Anatsamiritsa njinga pamtengo, nayendera mzere wa Tek mwakachetechete.

"Wokhota," anatero. "Koma umera."

Kenaka anatembenukira kwa Tek.

"Yadutsa, achimwene. Apolisi nonse khumi ndi mmodzi, chaka china. Ndakweza dzanja."

"Amayi, ndilibe mawu. Ine ndi amene..."

"Ndikudziwa kuti ndinu amene. Sabata imene ija ana anga anagona ndi njala masiku anayi. Sindinakwezere inu dzanja ayi. Ndakwezera akazi anu, poti ndikudziwa mmene nyumba imakhalira moto ukazima." Anamupatsa mbale. "Idyani. Za parma mwamaliza."

M'mawa mwake, tsiku loyamba la kontrakiti yatsopano, anthu a pa depoti anaona Tek akutuluka ku khonsolo akukankha njinga, pakaliyala atamangirira mbaula yadzimbiri. Mlembi anamufunsa kuti chilolezo chotulutsira katundu wapereka ndani.

"Lembani dzina langa," anatero Tek, nalunjika ku wadi yachinayi.