Chidole Chaulere

Dzuwa litapendeka, onse anali pakhonde. Amayi ankasoka malaya apaulendo a bambo, bambowo ankasema mpini wa khasu, ndipo azakhali, mlongo wawo wa bambo, ankanyogodola Namwino. Azakhaliwo ndi amene anam'patsa dzinali mwana wa achimwene awoyo atangoyamba sukulu ya unamwino.

"Ndiye ukuti mumachiza chidole?" anatero azakhali. "Zaka ziwiri zonsezi?"

"Chimapuma, azakhali, chimabuulanso. Aphunzitsi amakhala kuseri kwa galasi n'kumachisintha pa kompyuta. Ukachedwa chimafa."

"Chikafa mumaika maliro?"

"Amangodina batani, basi chadzuka."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatambasula mkono. "Bwera undiyeze ine. Chidole chaulere."

Namwino anagwada, n'kuika zala ziwiri pamtsempha, maso ali pawotchi. Mtima unagunda kanayi, kenako zii. Unayambanso mothamanga, n'kudumphanso. Mtsikanayo anasuntha zala, anayambiranso kuwerenga. Chimodzimodzi.

Kagundidwe kameneka ankakadziwa. Sabata yatha aphunzitsi anakaika m'chidole chija, iye n'kuganiza kuti zala zake ndi zimene zaterereka. Anachita manyazi kuitana munthu. Posakhalitsa chidole chinasiya kupuma ali chigwirire.

"Nanga bwanji, adokotala?" anafunsa azakhali. "Chafa?"

Namwino sanaseke. "Bambo, mumamva chizungulire?"

"Dzuwa limenelo, mwanawe."

Amayi anaika singano pansi. "Dzana anakhala pansi pakati pa munda, mpweya utawathera. Anandiletsa kukuuza."

Namwino anayang'ana khoma la nyumba yawo. Panalibe galasi, panalibe wodina batani. Mkono unali m'manja mwakewo unali wofunda, wachikanga.

"Mawa tipite kuchipatala," anatero.

"Mawa ndili ndi mizere yotsala. Udzu sudikira munthu."

"Chidole chija ndinachipha pokhala chete, bambo. Inu ndiye ayi. Mukakana, ndigwada pompano mpaka kuche."

Azakhali anali atasiya kuseka. "Achimwene, munam'tumiza nokha kusukuluko. Mumvereni."

Bambo anatola mpini uja, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

M'mawa mwake Namwino anamva chitseko chikutseguka, anathamangira panja. Khasu linali pomwe paja, chotsamira khoma. Bambo anali atakhala pampando, akumanga zingwe za nsapato pang'onopang'ono.

"Amake mwana," anaitana, "malaya aja munamaliza kusoka?"