Zenga la Kumanzere

Kamsoti anagwada m'kampanda ka waya, nagwira nsonga za udzu. Anzake a ku koleji ya zaulimi anali ataima kunja ndi matumba, sikelo ndi makope, akusangalala kuti lero ntchito yachepa. M'timipanda tina tonse ta m'dambomo udzu unali wofika m'chiuno. Koma m'titatu ta mbali ino, kumene kunkadya ng'ombe za bambo ake, unali waufupi ngati wa kunja womwe.

Nkhaniyi anaiputa yekha, ndi pakamwa pake pomwe. Aphunzitsi atanena kuti akufuna malo odyetsera ziweto oti kalasi ikachitepo kafukufuku, iye ndiye anakweza dzanja msangamsanga, ati kwathu kuli dambo. Ankafuna anzake akaone ng'ombe khumi ndi zinayi za bambo ake. Ankafunanso bambowo akamuone mwana wawo wamkazi atavala jombo, akuloza apa ndi apo ngati bwana. Kunyadatu kumeneko! Mvula isanagwe anazika timipanda khumi ndi tiwiri toti ng'ombe zisafikemo, kuti pakatha miyezi inayi adzayeze udzu wa mkati ndi wa kunja. Komiti yoyang'anira damboli inali itanena kale poyera kuti mbali iliyonse imene udzu wa mkati udzapose kwambiri wa kunja, ndiye kuti ng'ombe zaitopetsa, ndipo idzatsekedwa zaka zitatu.

Mnzake wina wamtali, amene ankamutcha Mlongoti, anayamba zake zija. Ati ng'ombe za kwa Kamsoti n'zophunzira, zimadya ndi supuni, sizisiya chizindikiro. Onse anafa nacho chiseko. Aphunzitsi anakanda m'mutu, nanena kuti mwina nthaka ya mbali ino ndi yosabereka chibadwire, ndiye ng'ombe zilibe mlandu. Anawauza kuti alembe zimene sikelo yanena.

Kamsoti sanaseke nawo. Nsonga za udzuwo zinali zodulidwa bwinobwino, mopendekeka, zonse mbali imodzi. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anamutsegulira kukamwa kwa thole kuti aone yekha kuti ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumwamba, imakulunga udzu ndi lilime n'kuuthothola, nsonga n'kutsala zothetheka. Tsiku lomwelo ndi limene anamupatsa dzina la Kamsoti, chifukwa chosachoka kumbuyo kwa ng'ombe. Uwu sunadyedwe ayi, unamwetedwa. Ndipo kupendekeka kwake kunali kwa munthu wamanzere. M'dera lonselo wamanzere wokhala ndi zenga lakelake, losulidwira dzanja limenelo, analipo mmodzi yekha.

Ananamizira ludzu, nathamangira kunyumba. Anawapeza bambo ake kukhola, dzuwa lili pamutu, akuchotsa nkhupakupa pakhosi pa Mathotho, ng'ombe yokalamba imene malemu mayi a Kamsoti anailera ndi botolo make wa ng'ombeyo atafa.

"Bambo, zenga lanu lili kuti?"

Sanatembenuke. Anati lili pamalo pake. Anaphwanya nkhupakupa ndi chikhadabo, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati pali wina amene waona. Kamsoti anapukusa mutu.

"Ndiye vuto lili pati, mwana wanga? Lemba zimene yanena sikelo. Sikelo siidziwa zenga."

Anayesa kuwafotokozera za chigwembe chimene chinkadya dambolo chaka ndi chaka, kuti chatsala pang'ono kufika pachitsime, kuti zikapitirira chonchi pomatha zaka zisanu sipadzakhala udzu wa ng'ombe ya aliyense. Bambowo anati zonsezo akuzidziwa. Dambo limeneli aliponda zaka makumi anayi, sankafunika waya kuti awauze kuti likufa. Koma ng'ombe khumi ndi zinayi akazisunga kuti zaka zitatu, m'thumba la malaya? Anamukumbutsa, osakalipa, kuti chaka chilichonse m'kholamo munkatuluka imodzi kuti iye akakhale m'kalasi.

"Zinzake za izi ndi zimene zakuphunzitsa, Kamsoti. Usazitembenukire."

Kamsoti anabwerera kudambo. Anzake anali atalemba kale manambala, atakweza matumba, galimoto atailiza kale. Kukhala chete kunali kosavuta: kungokwera, kuseka nawo nthabwala za Mlongoti, basi. Koma popita kugalimotoko anadutsa m'mphepete mwa chigwembe chija, naona mizu ya mtengo umene ankakhala pansi pake ali mwana ikulendewera m'malere. Aphunzitsi atafunsa ngati pali chowonjezera, anabwerera m'kampanda kaja, nazula udzu wodzaza dzanja, nauika pakope lawo.

"Uwu wamwetedwa, aphunzitsi."

Dzina sanatchule, komanso panalibe chifukwa. A komiti atangouona udzuwo anayang'anana. Timipanda titatu tija tinafufutidwa m'kaundula, chigwembe chinadzilankhulira chokha, ndipo mbali ya bambo ake ndi imene inayamba kutsekedwa.

Ng'ombe khumi ndi zitatu zinakwera lole tsiku limodzi. Mathotho ogula anaikana, ati yatha mano. Kamsoti anamva zonsezi kwa azakhali ake pafoni, kuti bambo ake anaimirira pachipata cha khola mpaka fumbi la lole litatha, kenaka anakatenga tsache n'kuyamba kusesa bwalo loyera kale. Chikhala anamulalatira, anamutemberera, bwenzi zili bwinoko. Koma ayi. Akawaimbira ankayankha mwaulemu, ati tili bwino, kaya kumeneko, n'kupereka foni kwa azakhali. Lipoti lake linapambana onse m'kalasi. Tsiku lolandira satifiketi mpando umene anawasungira unakhala wopanda munthu, ndipo iye analirira m'chimbudzi cha koleji, gauni ili m'thupi.

Koleji inamulemba ntchito yotsogolera ophunzira atsopano. Patatha chaka ndi theka anabwerera nawo kudambo kuja. Abale inu, udzu wake! Unali wofika pachifuwa, wobiriwira mpaka kuda, ndipo m'chigwembe muja munali mutayamba kumera tchire. Ophunzirawo ankajambula ndi mafoni, akumuuza kuti achita zazikulu. Iye ankangovomera ndi mutu, maso ali kunjira yochokera kwawo. Anali ndi chisoni chosaneneka, chifukwa zonse zimene ananena zinali zitachitika, ndipo panalibe woti asangalale naye.

Anawaona bambo ake akubwera pang'onopang'ono, ataonda, zenga lili kumanzere, chingwe chili paphewa. Lamulo la komiti linali loti m'dera lotsekedwalo musalowe ng'ombe kapena zenga popanda chilolezo cha a kafukufuku. Bambowo anaima kunja kwa waya wozungulira deralo, navula chipewa pamaso pa ana asukulu onsewo.

"Pepani, mayi. Ndili ndi ng'ombe imodzi yokalamba kunyumbaku, siikutha kudzuka. Ndimati ndipemphe mtolo umodzi."

Mayi. Iye amene bambo omwewa ankamunyamula pakhosi powoloka dambo lomweli! Kamsoti anadikira kuti mwina aseka, mwina anena dzina lake lija, koma bambowo anangoyang'ana pansi, chipewa chili pachifuwa, akudikira yankho ngati munthu wa pamzera wa ku ofesi. Wophunzira wina ananong'oneza mnzake kuti agogowa ndani.

Kamsoti anatambasula dzanja pamwamba pa waya, nalandira zengalo. Mpini wake unali utakumbika zala za bambo ake, ndipo m'dzanja lake lamanja sunkakhazikika. Anamweta choncho, movutikira, zenga likuterereka, misozi ikugwera pa udzu, mpaka mtolo unakwana. Anaudutsitsa pawaya. Bambowo anaumanga ndi chingwe chawo, nausenza, navala chipewa.

"Zikomo kwambiri, mayi. Mugwire bwino ntchito."

Anawayang'ana akukwera kamtunda kopita kukhola, mtolo ukugwedezeka pamutu. Atazimiririka ndi pamene anazindikira kuti zenga lija lidakali m'manja mwake, ndipo bambowo sanalifunse.