Anatisiya

Lachitatu limenelo ndinadzukira ntchito zomwezo za masiku onse. Kutunga madzi pampopi mzere usanatalike, kuphikira mwana phala, kumusambitsa, kukamusiya kwa mchemwali wanga amene amandisungira masana. Kenako maofesi awiri a pamwamba pa sitolo ya matayala: kusesa, kukolopa masitepe makumi awiri ndi anayi, kutsuka makapu amene anthu ophunzira amasiya tiyi wadzulo ali momwemo. Ikamakwana teni ndimakhala ndili kwa dona wina, kuchapa ndi kusita. Pobwerera ndimadzera kumsika, nthawi imene tomato watsika mtengo. Tsikulo ndinawonjezapo chimodzi, kukasiya fomu kwa achikulire a kulaibulale.

Achikulirewa ndi anthu opuma pantchito. Amakumana Lachitatu lililonse m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, momwe mumanunkha polishi ndi mabuku akale. Mwezi wina amaphunzira kutumiza zithunzi pafoni, mwezi wina za nyenyezi, mwezi wina amaitana namwino n'kumakangana naye za matenda a shuga. Zimenezo n'zawo. Chimene chinandikoka ine n'chakuti amaluka majuzi, amakonza mipando, amafesa mbande, n'kumagulitsa, ndipo ndalama zake amalipirira anthu akuluakulu ofuna kubwerera kusukulu yamadzulo. Chaka chimenecho anali ndi malo atatu.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, mimba ili ya miyezi isanu. Sindinganame kuti ndinkasowa tulo poganiza mabuku. Kungoti mtsikana amene amayankha foni kumaofesi aja amalandira katatu kuposa ine, atakhala pampando, pomwe masamu a chenji cha mkaka ndimamuwerengera ndine. Chimene amandiposa ndi pepala basi.

Funso lomaliza pafomupo linali lakuti, fotokozani za pakhomo panu. Mizere inali itatu yokha. Ndinalemba kuti ndili ndi mwana mmodzi wa zaka zinayi, ndimadalira maganyu, ndipo bambo a mwana anatisiya chaka chatha.

Polemba sindinaganize kawiri. Anatisiyadi. Ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza sutikesi palibe, wailesi palibe, nsapato zawo palibe. Anakalowa kwa mkazi wina amene amagulitsa zakudya pafupi ndi galaja imene amagwirako umakaniko. Nanga ndikanalemba kuti chiyani?

Patapita masabata awiri anandiitana. Kuseri kwa tebulo kunakhala anthu atatu. Pakati panali Ahedi, mayi wamtali amene anayendetsa sukulu zaka zambiri ndipo mpaka pano amayang'ana munthu pamwamba pa magalasi ngati wachedwa. Kumanja kunali a Positi, bambo wanthabwala wosunga ndalama za gulu, amene moyo wawo wonse anali wogawa makalata. Kumanzere kunali mayi wamfupi woluka juzi yabuluu, osayang'ana n'komwe zala zawo. Onse ankangowatchula kuti Mayi a Juzi.

Ahedi anandifunsa za kalasi imene ndinalekeza ndi amene azidzandisungira mwana madzulo. Ndinayankha bwino. Kenako Mayi a Juzi anaika singano pansi n'kundigwira dzanja.

"Pepa, mwanawe. Inenso anandisiya, zaka zitatu tsopano. Ako anadwala nthawi yaitali?"

Pomwepo ndinamva chimene iwo anawerenga pafomu paja. Pakamwa panatseguka kuti ndikonze. Koma Ahedi anali atangofotokoza kumene kuti malo awiri ndi a aliyense, ndipo ofunsira alipo makumi anayi ndi mmodzi. Malo achitatu anali a amayi amasiye okha, okumbukira amuna a Mayi a Juzi, ndipo ndalama zake zinali za majuzi awo. Pa malo amenewo fomu inali imodzi, yanga. Ine masamu ndimawatha.

"Sanadwale, amayi," ndinatero.

"Ndiye zinali zadzidzidzi."

"Zadzidzidzi."

"Unalipo?"

"Ndinali kuntchito. Ndinapeza atapita kale."

Palibe liwu labodza limene linatuluka mkamwa mwanga tsiku limenelo. Njira yonse yobwerera ndinkadziuza zimenezo.

Malowo anandipatsa. Sukulu inkatsegulira patatha mwezi ndi theka, ndipo ndalama anati adzakapereka okha kusukuluko akamaliza tsiku lalikulu logulitsa. Lamulo lawo linali lakuti wothandizidwa azibwera Lachitatu masana kudzathandiza. Ine anandipereka kwa Mayi a Juzi, kuwakulungira ulusi. Ndinkatambasula manja, iwo n'kumakulunga, uku achikulire ena akulimbana ndi mafoni awo. A Positi anadzijambula mphuno kasanu n'kutumiza kwa apongozi awo mwangozi. Bambo wina wokonza mipando ankati foni yake ndi yamwano, imamva zala za adzukulu okha. Ndinkaseka nawo, kenako n'kukumbuka kuti ndine wamasiye, n'kuchepetsa.

Mwana sindinkabwera naye. Mwana wa zaka zinayi sasunga mawu, ndipo wanga amauza aliyense kuti ababa ake amakonza magalimoto akuluakulu. Mayi a Juzi anandifunsa msinkhu wake n'kumulukira kajuzi kofiira, ka mabatani oyera. Ndinalandira ndi manja awiri.

Lachitatu la sabata yachinayi tinatsala awiri m'chipindamo, ena atapita kukathirira mbande. Mayi a Juzi analuka mizere ingapo, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti m'mawa uliwonse amatulutsabe makapu awiri. Amathira tiyi mu imodzi, n'kuima ndi ketulo pa inayo, kenako n'kuibwezera m'kabati. Anati mutu umadziwa koma dzanja silinamve. Anandiyang'ana, akudikira.

"Inenso," ndinatero.

Kapu ya bambo a mwana ndimatungira sopo waufa. Ndinayamba kutero sabata yomwe anachokayo, chifukwa ili ndi chogwirira chabwino.

Kusukulu ankafuna satifiketi yanga yakale, ndipo inali mu sutikesi imene inapita ija, pamodzi ndi mapepala a bambo a mwana. Ndinawatumizira uthenga kuti akaisiye kwa mchemwali wanga. Anayankha kuti chabwino. Mchemwali wanga, amene pakamwa pake palibe chitseko, anawauza kuti ndapata mwayi kwa achikulire a kulaibulale ndipo Loweruka ndikakhala kumeneko. Loweruka lomwelo iye anali ndi ulendo wa kuchipatala, choncho mwana ndinapita naye. Ndinamuveka kajuzi kofiira kaja n'kumugulira switi kuti pakamwa pakhale potanganidwa.

Pabwalo la laibulale panali matebulo asanu ndi limodzi. Mbande zinali m'mapepala akuda, mipando yopakidwa vanishi ili pamzere, mabuku akale ali m'makatoni. A Positi ankazungulira ndi chitini cha ndalama pakhosi, akuuza anthu kuti aliyense wogula mpando akhalapo zaka makumi atatu, apo ayi abwere adzawadandaulire kumanda. Ine ndi Mayi a Juzi tinali patebulo la majuzi. Pofika masana tinali titagulitsa khumi ndi anayi. Aliyense wogula, Mayi a Juzi ankamuuza kuti ndalama yake ikuphunzitsa mtsikana uyu, wamasiye, ndipo ogulawo ankandiyang'ana mwachisoni, ena n'kusiya chenji.

Ndinaona ovolosi yabuluu ikulowa pageti. Mwana anaiona ine ndisanasunthe.

"Ababa!"

Anathamanga switi ili m'manja. Iwo anamunyamula, n'kubwera naye patebulo, envelopu ya khaki ili kukhwapa, fungo la girizi lili patsogolo.

"Amake mwana, pepala lanu ili. Ndamva mwapeza mabwana."

Mayi a Juzi anamwetulira n'kundifunsa ngati amenewa ndi alamu anga, achimwene a malemu.

"Malemu ake ati?" anafunsa bambo a mwana. "Mwana uyu ndi wanga, amayi. Onani mphumi."

A Positi anali atafika kudzatenga ndalama za majuzi. Anayang'ana bamboyo kuyambira kunsapato, n'kuyang'ana ine.

"Makalata ochedwa ndawaonapo ambiri," anatero. "Koma malemu wobweretsa yekha envelopu, ndi lero."

Palibe anaseka. Bambo a mwana sanamve msanga, mpaka mayi wina wogula anawanong'oneza. Atamva anaseka mpaka kutsitsa mwana pansi, anthu a kumatebulo ena n'kutembenuka.

"Ndiye mwandipha? Chabwino. Tandiuzani, ndafera zingati? Mwina pali kanga."

Ndinatenga envelopu ija. Sindinathawe, chifukwa panali majuzi asanu ndi imodzi otsala ndipo ndalama za m'thumba langa la epuloni zinali zisanawerengedwe. Ndinaima pomwepo maola awiri ena. Mayi a Juzi anakhala pampando n'kupitiriza kuluka. Sanandiyang'ane, sanandikalipire. Wogula akabwera ankangotchula mtengo.

Lachitatu ndinapita, ngakhale mchemwali wanga anati ndingozimiririka. Gulu lonse linalipo, anthu pafupifupi makumi awiri, mafoni ali m'matumba. Ahedi anawerenga fomu yanga mokweza, kawiri, n'kunena kuti monga mphunzitsi sangachonge chiganizocho kuti n'cholakwa. A Positi anati mlandu wina ndi wawo omwe achikulire, amene akangomva kuti uje wapita amayamba kufunsa za bokosi, pomwe munthu wapita kumsika. Bambo wa mipando uja anati lamulo ndi lamulo, malowo ndi a amasiye, ndipo anthu anasiya chenji chawo chifukwa cha maliro amene kulibe. Mayi wina anati mwamuna wothawa ndi wakufa kusiyana kwake n'kochepa, kungoti wakufa sabwera kudzapempha gawo. Apa ena anaseka. Ine ndinali chiimire pafupi ndi chitseko, ndikuyang'ana simenti imene ndikanaikolopa bwino kuposa amene amaikolopayo.

Atatopa kukangana, Ahedi anati ndalamazo ndi za majuzi, choncho mwini majuzi ndiye anene.

Mayi a Juzi sanaimirire. Anati za fomu alibe nazo mawu, anawerenga okha molakwa. Za mafunso a tsiku loyamba anati mwina ndinachita mantha ndi tebulo. Kenako anandiyang'ana koyamba chichokere Loweruka.

"Koma za makapu zija sindinauzepo munthu. Ngakhale ana anga. Iwe unati inenso."

Ena onse sankadziwa kuti ndi makapu ati. Ine ndinkadziwa.

"Ndinanama, amayi."

"Chifukwa?"

"Ndinkafuna malowo."

"Basi?"

"Basi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu. Anati sakundida, koma dzina la amuna awo silingakhale pa ine. Anapempha Ahedi kuti ayang'anenso mafomu makumi anayi aja. Munapezeka mayi wina wogulitsa makala, amene amuna ake anamwaliradi, koma pafomu sanalembe chifukwa ankati za maliro sizikhudza sukulu. Malowo anapita kwa iye. Ine Ahedi anandiuza kuti chaka chamawa ndikhoza kufunsiranso pamzere wa aliyense, ngati wina aliyense, ndipo sanalonjeze kanthu. Ndinathokoza n'kutuluka. A Positi ananditsatira mpaka pakhonde ngati ali ndi nthabwala ina, koma anangondipatsa epuloni yanga imene ndinaiwala Loweruka.

Zonse pamodzi zinandidyera izi. Masana asanu a Lachitatu osachapa, ndipo pa Lachitatu lomalizalo dona anapeza wina, ndiye ganyu imeneyo inatha. Ndalama za basi, maulendo khumi ndi anayi. Zithunzi zinayi za pafomu ndi fotokope. Ndalama yolembetsera kusukulu, imene sabweza, ndinaipeza pogulitsa simbi yanga yamagetsi, ndipo pano ndimasita ndi yamakala. Makope asanu ndi limodzi ndi zolembera ziwiri, zimene zili m'katoni pansi pa bedi. Kajuzi kofiira ndinakachapa n'kukabweza, a Positi anakagulitsa theka la mtengo popeza kanali kovalidwa, theka linalo ndinalipira ine, ndipo mwana analira masiku awiri. Njira yanga ya kumaofesi inkadutsa pageti la laibulale. Pano ndimazungulira kumbuyo kwa msika, mphindi makumi awiri popita, makumi awiri pobwera.