Maliro Opanda Chosonkha

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi mwini wake, Frackson, pa benchi yodikirirapo basi kunja kwa chipatala cha Beaumont. Ndinabwera ku Dublin kudzaona mwana wa mlongo wanga, koma ine matenda anga ndi amodzi, m'nyumba simukhalika. Miyendo iyi yandifikitsa ku Harare, ku Beira, ku Joni, ndipo konseko ndimabwerako wopanda katundu, nkhani za eni ake zokhazokha. Tsikulo ndinamva munthu akukalipira foni m'Chichewa, basi ndinakhala pambali pake. Ankadikira mkazi wake, Scholastica, namwino, kuti aweruke.

Frackson kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo amasamalira okalamba pa nyumba ina ku Drumcondra. Koma Amalawi ndi Azambiya a mumzindawu amamudziwa ndi ntchito ina yosalipidwa. Munthu akamwalira, woyamba kuimbiridwa ndi iyeyo. Amatsegula gulupu pa foni, n'kuyamba kusonkhetsa ndalama zoti thupi likwere ndege likaikidwe kwawo. Amene wawerenga uthenga n'kukhala chete amamulondola mpaka pakhomo. Kusonkhako kumatenga masabata, ndipo masabata onsewo pasiwa pamadzaza. Ochokera ku shifiti amadzera pomwepo ndi yunifolomu, amayi amaimba, ketulo sizizira. Wobweretsa chopereka sachisiya pakhomo ayi. Amalowa, n'kukhala pansi.

Tsiku lina Scholastica anamufunsa akudya.

"Bambo a Tisu, lendi ya nyumba ino ndingaikwanitse ndekha?"

"Ine ndapita kuti?"

"Simunapite. Ndikufunsiratu mukadali pano, chifukwa mukapita simudzayankha."

Ankanena za inshuwalansi ya moyo, ija munthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti akadzamwalira otsala adzalandirepo kanthu. Mwana wawo, Tisungane, anali atangoyamba sekondale.

"Zimenezo n'kudziitanira imfa," anatero Frackson.

"Inu? Amene mtengo wa bokosi lokwera ndege mumaudziwa pamtima, muope pepala? Pezani bodza lina, limeneli lakukulirani."

"Chabwino. Inshuwalansi yanga ndi anthu. Maliro n'kulirana. Onse ndawayendera aja angandisiye mu mochale?"

"Sangakusiyeni. Adzakukwezani ndege, adzakubayibitsani. Akadzachoka pa eyapoti aliyense adzalowera kwake. Mwezi wotsatira landilodi sadzabwera ndi nyimbo. Ndipo bipi yanu ija ikukwera, zaka nazonso zikukwera. Anthu a inshuwalansi sakonda nkhalamba."

Frackson anangotola jekete n'kutuluka. Kwa ine anaulula kuti chomwe chinkamugwira mwendo sichinali mantha a imfa. Anali maliro a Wilbroad.

Wilbroad anali Mzambiya, katswiri wa makompyuta, ankakhala ku Rathmines ndi mkazi wake Peggy. Anagwa kuntchito, osadzukanso. Frackson anatsegula gulupu monga mwa nthawi zonse, koma asanapemphe n'komwe, wina analemba kuti anthu asavutike, malemuwo anali ndi inshuwalansi, zonse zili m'malo. Anthu anapumira m'mwamba. Anatumiza tizithunzi ta manja opemphera, tambirimbiri, gulupu n'kuti zii.

"Achikulire," anatero Frackson kwa ine, "nditapita kunyumbako ndinapeza mipando imene anabwereka ku tchalitchi ili yosanjikizana kukhoma. Palibe anali ataitsitsa. Shuga ndi masamba a tiyi zili pa tebulo zosatsegula. Mayi uja ali yekha pamphasa."

Peggy atamuona anati, "Ba Frackson, bantu bali kuti? Ndalama zizabwera, baniuza. Manje ndalama siziimba."

Frackson mawu ake ndi a chule, amavomera yekha. Komabe anatsitsa mpando umodzi, n'kuyambitsa nyimbo. Anaimba awiriwiri mpaka Peggy analira, kulira kumene kunkamukanika chimwalirire mwamuna wake. Thupi linanyamuka msanga, popanda vuto lililonse, koma pa eyapoti operekeza sakanadzaza ngakhale takisi ziwiri.

Kuyambira pamenepo Frackson anatsimikiza mumtima kuti kuno anthu amasonkhana pamene pali chosowa. Kwathu maliro amakoka mudzi wonse okha. Kuno munthu ali ndi shifiti, ali ndi basi yoti aithamangire, mvula ili tsiku lonse, ndiye kuti atuluke pafunika ngongole yapamtima yomukankha. Ukachotsa chosonkha wachotsa chingwe. Iye sanafune kuti Scholastica adzakhale pakati pa mipando yosanjikiza. Koma sanafunenso kuti adzatulutsidwe m'nyumba ndi mwana. Zinthu ziwirizi anayenda nazo miyezi, osauza munthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina ali kuntchito, akuthandiza gogo wina wachiairishi kuchoka pabedi, anaona chipinda chikuzungulira. Anamukhazika bwinobwino gogoyo, iye n'kukhala pansi, msana kukhoma. Amene analiza belu loitana anamwino anali gogo yemwe uja. Chizungulirecho chinatha, dokotala anamupatsa mapilisi, koma manyazi sanathe.

"Munthu woti ndimamusambitsa ine," anatero akuseka, "ndi amene anandiitanira thandizo. Ndinati Frackson, mzere wa imfa suyendera zaka."

Atafika kunyumba anamuuza mkazi wake zonse, za Peggy ndi mipando yomwe. Atamaliza, Scholastica anamufunsa.

"Ndiye mumafuna ndidzavutike kuti ndidzapeze alendo?"

"Sindinatero, mayi a Tisu. Ndisayina. Koma pasapezeke munthu wodziwa. Ndikadzapita, muwasiye asonkhe."

"Kumeneko n'kuba. Mnzathu Melody amakolopa maofesi usiku, adzachotse za chakudya cha ana ake, ine ndili ndi inshuwalansi m'kabati?"

"Nanga titani?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Nzeru inachokera kwa mayiyo. Anati anthu adzasonkhe ndithu, adzabwere, adzaimbe. Za inshuwalansi zidzagwire lendi ndi sukulu ya Tisungane, ndipo zikadzatuluka iye adzabweza ku gulu chilichonse chimene anthu anapereka, kuti chidzanyamule maliro otsatira.

"Ndiye kuti mudzasonkhetsa muli m'bokosi," anatero Scholastica. "Ntchito yanuyi simudzapuma."

Anapita limodzi ku ofesi ina ku Drumcondra. Mayi wa pamenepo anafunsa za matenda, Frackson n'kunena zoona, za chizungulire ndi mapilisi omwe. Mayiyo anati chikhala anabwera chaka chapitacho akanamalipira zochepa. Scholastica anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo Frackson akuti kuyang'anako kunaposa ulaliki. Anasayina.

Atafika apa basi inabwera, mkazi wake n'kutulukira pa geti. Frackson anandigwira dzanja. "Achikulire, zimenezi n'zapakati pathu."

Patapita masabata ndinakapemphera ku Rathmines, ndipo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero ndinacheza ndi mayi wina wa ku Chipata, dzina lake Vivian. Ndinangotchula maliro a Wilbroad, osaulula za Frackson. Mayiyo anagwedeza mutu, n'kundiitana "awisi", monga aitanira bambo kwawoko.

"Inshuwalansi? Awisi, musanamizidwe. Wilbroad sanapondepo pa maliro a munthu. Ankatumiza ndalama pa foni, zambiri ndithu, koma nkhope yake sitinaione pasiwa. Anthu anangomubwezera momwe ankachitira."

Tsono apa ndi pamene ndaima ine. Kuti Frackson anasayina ndikukhulupirira, ndipo ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale anachedwa. Koma zoti pepala ndi limene linathamangitsa anthu kwa Peggy ndikukayika. Mwina munthuyu wasenza chinsinsi chopanda ntchito, ndipo pa maliro ake mipando idzachepa, anthu adziwe kapena asadziwe. Mwinanso akunena zoona, poti mzinda uno amaudziwa kuposa ine mlendo. Ndimakayikanso ngati amafunadi kuti chikhale chinsinsi. Munthu wobisa nkhani sauza nkhalamba yoyendayenda imene wangokumana nayo pa benchi.