Chimanga cha Pamalire

Chilimwe chimenecho amake mapasa analima okha munda wothirira. Amuna awo anali atagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anathawa, maso okha ndiwo anatsala akuthwa. Ankagona pabedi la pafupi ndi zenera, pomwe ankatha kuona njira yopita kumunda. Mapasawo anali kusukulu yogonera komweko.

Mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, anali atanena pamaso pa abale kuti munda wothirira si wosewera nawo. Ukalephera ulendo uno, autenga iye aziulima. Sananene mwankhanza, ndipo tsiku lomwelo anawakonzera mpini wa khasu umene unkagwedera. Koma amake mapasa ankadziwa kuti munda ukachoka m'manja mwawo, amuna awo adzaona ngati aikidwa m'manda akupuma. Choncho m'mawa uliwonse, asanaponde mzere woyamba, ankaima n'kunena chamumtima kuti, Ambuye, mukuona.

Chimanga chinamera phando lililonse, ndipo mtima wawo unadumpha. Chitafika m'mawondo, anatenga feteleza wobereketsa n'kuwaza m'mizere ndi dzanja lowolowa, ngati akudyetsa nkhuku. Atatero anatsegula ngalande yonse. Madzi anathamanga m'mizere akuchita phokoso lokoma, ndipo iwo anaima manja ali m'chiuno, akumwetulira. Nthawi iliyonse yawo ya madzi ikakwana ankachita chimodzimodzi, poti mbewu ndi mwana, sumumana.

Koma mwanayo anayamba kuonda. Masamba a m'munsi anachita chikasu, mapesi anatsala ngati miyendo ya kakowa. Mlamu uja akamadutsa pa njinga ankatsitsa phazi limodzi, kuyang'ana, kuimba kamluzu, n'kupitiriza.

Madzulo akamawasambitsa amuna awo, amake mapasa ankawafotokozera zonse, kuti athira feteleza wambiri, madzinso sakuwaumira, koma chimanga chikungofooka. Bambowo ankamvetsera maso ali tong'o. Kenako ankatulutsa dzanja lamanzere, kuboola bulangete ndi chala, kutsina kanthu kosaoneka, kuika m'dzenjemo, kukwirira ndi chikhatho, n'kusisita pamwamba. Amake mapasa ankachita mantha. Dzenje, kuika, kukwirira: munthu wodwala anganenenso chiyani? Ankagwira dzanjalo n'kulibweza pansi pa bulangete.

"Musatero, bambo. Kumanda sikuthawa. Mulipo, ndipo mukhalapo."

Bambowo ankatseka maso mwamphamvu n'kutembenukira kukhoma.

Kumunsi kwa munda wawo kunali munda wa mayi wina amene onse ankamutchula kuti a Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipankatha mabatire. Ankalankhula popalira, ankalankhula pomwa madzi, ndipo pakasowa munthu ankakalipira akhwangwala. M'mawa wina anaitana ali pamalire, kuti amake mapasa abwere adzaone mbava yomwe aigwira.

Mbavayo inali mizere ya a Wailesi yoyandikana ndi malire. Chimanga chake chinali chobiriwira mpaka kuda, masamba otambalala ngati malamba, chachitali kuposa china chonse m'mundamo.

"Ine wobereketsa sindinathirebe, anzanga," anatero a Wailesi. "Thumba lili gone kuseri kwa chitseko. Ndiye tandiuzani, ana awa akudya kwa yani?"

Anawagwira mkono n'kuwatsogolera, kutsata kanjira ka matope komwe madzi ankatulukira kumapeto kwa mizere ya amake mapasa n'kutsikira kwawo. Anafotokoza, mawu akuthamangitsana, kuti feteleza wa mtundu umenewu ali ngati mchere: ukamuwaza pamwamba n'kumuthira mtsinje, amasungunuka n'kunyamuka ndi madzi. Wina amalowa pansi kupitirira mizu, wina amadumpha malire. Mizu nayonso ikakhala m'thope nthawi zonse imabanika. Anati akanakhala chete akananenepa chaka chino, koma amake mapasa akudziwa okha kuti kukhala chete Mulungu sanawapatse.

Amake mapasa anaseka, misozi ili m'maso, n'kufunsa kuti nanga achite bwanji.

A Wailesi anathyola kamtengo, anatulutsa chitsekero cha botolo pamfundo ya nsalu yawo, n'kugwada pa phesi limodzi. Anaboola dzenje chapatali pang'ono ndi phesilo, kuti feteleza asawotche mizu. Anayerekeza kutapa ndi chitsekero, anakhuthulira m'dzenjemo, anakwirira ndi chikhatho, n'kusisita pamwamba.

Amake mapasa anayang'ana dzanja lija likusisita dothi. Khasu linawapulumuka.

"Abwerezenso," anatero motsitsa mawu, ngati akuuza munthu wina. A Wailesi anabwereza, akudabwa. Asanamalize, mnzawoyo anali atauyatsa kale ulendo wa kunyumba, akuthamanga ngati mtsikana, silipasi imodzi itatsalira m'thope.

Analowa kuchipinda ndi matope awo omwewo, akupuma mwawefuwefu, n'kugwada pambali pa bedi. Anaboola bulangete ndi chala. Anatsina, anaika, anakwirira, anasisita.

"Bambo, kodi simumanena za manda?"

Bambowo anawayang'ana. Kenako chifuwa chawo chinayamba kugwedezeka, ndipo panatuluka phokoso limene nyumbayo inali italiiwala. Ankaseka. Ankaseka ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu, dzanja lamanzere likumenya matiresi. Anakoka mpweya, analimbana ndi lilime, n'kutulutsa liwu limodzi lophwanyikaphwanyika.

"Kwi... rira."

"Ndamva, bambo. Ndamva tsopano. Ndine gonthi wa maso."

Feteleza wotsala m'thumba anali wochepa, wongophimba pansi pa ndowa. Koma pobwerera kumunda anapeza silipasi yawo itatsukidwa, itakolekedwa pa kamtengo, ndipo pambali pake pali chitini chodzaza ndi feteleza. A Wailesi anati ameneyo ndi wa mizere ya pamalire ija. Yakhuta kale, ikadyanso idzimbidwa. Sanafune kumva zikomo. Anangoyamba nkhani ya mpongozi wawo amene amaopa achule.

Akazi awiriwo anagwira ntchito moyang'anizana, wina kuboola, wina kuthira ndi kukwirira. Kumapeto kwa mizere anaunjika timigula ta dothi kuti madzi asamathawenso. Ngalande anaitsegula pang'ono chabe, madzi n'kumayenda ngati nkhalamba, akumwerera pomwepo. A Wailesi anawaonetsa kufinya dothi m'manja: likagwirana osadontha, mbewu yamwa, tseka. Madzulo amake mapasa anabweretsa dothi lodzaza dzanja kunyumba. Amuna awo analifinya, analinunkhiza, n'kugwedeza mutu. Kuyambira pamenepo sankachoka kumunda chimanjamanja. Ankatenga tsamba, kapena dothi, ndipo bambowo ankaweruza ndi chala: onjezera madzi, dikira, palira.

Kubiriwira kunayambira pamwamba, pa masamba atsopano, n'kumatsika. Amake mapasa ankafika kumunda mame asanaume kuti akaone chasintha n'chiyani, ndipo tsiku lililonse ankapeza kanthu. Mapesi ananenepa. Ngaiyaye zinatuluka, njuchi n'kudzaza munda ndi kulira kwake. Pa nthawi imeneyo bambowo anaumirira ndi chala kuti madzi asaphonye ngakhale kamodzi, chifukwa chimanga chikamva ludzu chikutulutsa ndevu, zitsononkho zimatuluka zamagweru. Ndevu zinatuluka zofiirira, zonyezimira, ndipo a Wailesi anati munda wonse wasanduka msonkhano wa madoda.

Mizere ina ya kumtunda, yomwe madzi anaikokolola kwambiri, sinachire bwinobwino. Inabereka tiana tating'ono. Koma yotsalayo inabereka moti mlamu uja tsiku lina anatsika pa njinga n'kulowa m'munda. Anagwira chimanga chimodzi, zala zake osakumana. Anagwira china. Amake mapasa anangopitiriza kuzula udzu.

"Alamu," anatero pomaliza, akukanda kumutu, "tsiku lokolola mundiuze. Ndibwera ndi ngolo."

Za kutenga munda sanazitchulenso, ndipo palibe anamukumbutsa.

Tsiku lokololalo anawatulutsa bambowo pampando, n'kuwakhazika pakhonde, kuti aone ngolo ikukhuthula. Mulu unakula mpaka kutseka njira ya kukhitchini. Amake mapasa ankangozungulira, kutola apa, kuseka apo, osadziwa poika manja. Ali mkati motero anamva kulira kwa wilibala yosowa mafuta, ndi mawu odziwika akuilalatira kuti ileke kudandaula. A Wailesi anaikankha mpaka pamapazi pa bambowo n'kuipendeketsa. Munali chimanga cha pamalire, chachikulu kuposa chonse.

"Ana anu awa, achimwene. Kwa ine anangokulirako."

Amake mapasa anakana, a Wailesi anakana kukanako, ndipo mlamu anati akangane msanga ng'ombe zisanagone. Bambowo sanawasamale. Anawerama pang'onopang'ono, anasankha chimanga chachikulu kwambiri, anachipanikiza pakati pa mawondo, n'kuyamba kusenda makoko ndi dzanja lamanzere. Zinatenga nthawi. Palibe anawathandiza. Njere zitaonekera, zodzaza mpaka kunsonga, anachikweza n'kuchipereka kwa a Wailesi.

A Wailesi anachilandira ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa, anatsekanso. Amake mapasa anayang'ana kumwamba pang'ono, akunong'ona kuti, Ambuye, mukuona, kenako anapita kukawatengera a Wailesi mpando.