Ubale wa Chitopa

Ku ofesi ankamutchula Mayi Chidindo. Anaphunzira udokotala wa ziweto, koma kagwiridwe ka nkhuku yamoyo anali atakaiwala. Ntchito inali kudinda zilolezo. Lole ya nkhuku, dii. Lole ya mbuzi, dii. Nthawi yoweruka ikakwana, chikwama paphewa.

Kusukulu anabwerera chifukwa cha mpando. Mkulu wa nthambi yawo anali pafupi kupuma, ndipo wolowa m'malo ankafunika digiri yachiwiri. Malo anapezeka ku maphunziro amodzi okha, a bayoinfomatiki. Amuna ake atafunsa kuti chimenecho n'chiyani, anawauza kuti ndi kuwerenga chibadwa cha zamoyo pa kompyuta. Iwo anati bola asadzawerenge chawo.

Chipinda chophunzirira chinali chapansi, chopanda zenera. Makompyuta m'mizere, fani yolira ngati chigayo. Anzake anali a msinkhu wa mwana wake woyamba ndipo ankamuitana Anti. Miyezi yoyamba inali yowawa. Kulemba lamulo, kompyuta kukana. Kukonza, kukananso. Maso ankangothamangira ku wotchi, monga ku ofesi kuja.

Kenako mphunzitsi anamupatsa ntchito yakeyake. Chitopa chinali chitapulula nkhuku m'misika ingapo. A ku labu anali atawerenga kale chibadwa cha kachilomboko m'nkhuku zakufazo: zilembo zinayi zobwerezabwereza, mizere yosatha. Iye anafunika kuindanditsa mizereyo kuti kompyuta ijambule ubale wa tizilomboto.

Inajambula Lachitatu masana. Mtengo wa nthambi zambiri, nthambi iliyonse msika wake. Misika yoyandikana inali pachibale, zimenezo sizinamudabwitse. Koma kachilombo ka msika wa kumalire kanakhala nthambi imodzi ndi ka msika waukulu wa mumzinda. Ana a bere limodzi. Pakati pa misika iwiriyo pali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo nkhuku siuluka.

Anabwereza. Zomwezo. Anaganiza za malole, misewu imene amadutsa, pamene amaima kuti nkhuku zimwe madzi. Mtengowo unali ndi mpata pakati. Panasowa nkhuku zofera m'njira. Anadzidzimuka mlonda atagogoda kuti akufuna kutseka. Tiyi anali atazizira kalekale, kapu yodzaza.

Kunyumba anajambula mtengowo kuseri kwa kalendala. Amuna ake anamvetsera mpaka kumapeto. Anati chikwatiranireni anali asanamuonepo akuyankhula ndi manja onse awiri.

Abwana a ku ofesi anabwera mawa lake, okha, osatuma munthu. Anakhala naye pa benchi panja pa labu. Anafunsa za ana, za maphunziro. Kenako anaswa nkhani. Mkulu uja wapuma msanga, shuga yamuvuta. Mpando sungadikire chaka. Akuluakulu avomera kuti alowe ngakhale alibe pepala, bola asiye sukulu ndi kuyamba Lolemba. Akapanda kufika, pali wina wavala kale jekete. Anatchula galimoto. Anatchula ofesi ya kapeti.

"Si mpando womwewu unakubweretsani kuno, mayi?"

"Ndi womwewo, bwana."

"Ndiye taubweretsa. Mayeso mwawazemba."

Iye anayang'ana nsapato zake. Kenako anafunsa ngati nkhuku zakufa zimene a ku ofesi amalanda m'malole pa rodibuloko zikusungidwabe. Abwana anati zadzaza firiji ya kuseri, moti anthu akudandaula kuti alibe poika madzi akumwa. Aziwotcha Lachisanu.

"Musawotche. Ndikuzifuna."

"Nkhuku zakufa?"

"Makamaka za pa rodibuloko ya pakati pa malire ndi mzinda."

Abwana anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Ine ndikukamba za mpando, inu mukukamba za mitembo ya nkhuku."

"Ndamva, bwana. Apatseni enawo. Ntchito amaidziwa."

Sanakangane. Abwana anati munthu wamkulu sauzidwa kawiri, nadzuka. Pa geti anatembenuka kunena kuti afike m'mawa, moto amayatsa ikamakwana teni.

Madzulo anauza amuna ake. Iwo anangofunsa ngati galimoto ija inali yatsopano. Iye anati sanafunse. Bamboyo anapumira m'mwamba, napita kukatsuka bokosi la ayezi limene amapita nalo ku mpira.

Lachisanu anafika ku ofesi anthu asanachuluke. Podutsa m'khonde anaona wa jekete uja ali m'chipinda cha mkulu, akuyesa kupendekera pa mpando wozungulira. Anapatsana moni wabwinobwino. Kuseri, firiji inatseguka movutikira. Anavala magolovesi ndi chophimba kukamwa. Nkhuku zinali zouma gwa, iliyonse m'pulasitiki mwake, yolembedwa malo ndi tsiku. Mpeni unayamba waterereka. Pa nkhuku yachitatu dzanja linali litakhazikika. Anadula tizidutswa, kutsekera m'timabotolo, kulemba. Zotsala anapereka kwa woyatsa moto.

Pobwerera pa minibasi, kondakitala anafuna kuika bokosilo kumbuyo pamodzi ndi katundu wina. Iye anakana. Analikhazika pamiyendo, manja onse pa chivundikiro, mpaka pa siteji ya kusukulu.